Magazi Akabwerera mu Ubongo

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya sayansi ndi zaumoyo. Funso lathu lero ndi ili: magazi akasiya kufika ku ubongo kwa kanthawi, kenako n'kubwereranso, chimachitika n'chiyani mkatimo? Ambirife tingayankhe kuti akabwerera ndiye kuti munthu wapulumuka. N'zoona ndithu, magaziwo ayenera kubwerera, ndipo msanga. Koma asayansi anapeza kuti mbali ina ya kuwonongeka kwa ubongo imayamba pa mphindi zoyambirira zimene magazi abwerera. Anapezanso kuti maselo athu ali ndi chitetezo chawochawo cholimbana ndi kuwonongekako, ndipo chitetezocho chili ndi malire.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 1.4. Pa magawo 100 a kulemera kwa thupi lonse, ubongo ndi magawo 2 okha, komatu pa okosijeni yense amene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee, magawo 20 amapita kumeneko. Chovuta n'chakuti ubongo susunga chakudya cha mawa. Umadalira shuga ndi okosijeni zimene magazi akubweretsa nthawi yomweyo. Mtima ukaima, munthu amakomoka pakangopita masekondi pafupifupi 10, ndipo pakatha mphindi 4 kapena 5 mphamvu za m'maselo a ubongo zimakhala zatheratu. Zofananazo zimachitika pa chigawo chimodzi cha ubongo mtsempha ukatsekeka ndi magazi oundana, matenda aja timati sitiroko. Zimachitikanso kwa mwana amene wabanika pobadwa mayi atavutika nthawi yaitali.

Mkati mwa selo lililonse la ubongo muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri totchedwa maitokondiriya. M'menemo ndi mmene chakudya chimasandukira mphamvu. Shuga akaphwanyidwa amatulutsa tinthu ta magetsi totchedwa maelekitironi. Maelekitironiwa amapatsiridwa kuchokera pa puloteni ina kupita pa inzake, pa masiteshoni anayi amene ali pa khungu lamkati la kathumbako, ndipo kumapeto okosijeni amawalandira n'kusanduka madzi. Poyenda ulendowu amasiya mphamvu imene selo limapangira ATP, ndipo ATP ndiyo imayendetsa zonse, kaya ndi kunyamula dzanja kaya kukumbukira dzina la mdzukulu. Peter Mitchell wa ku England ndiye anafotokoza mu 1961 mmene izi zimachitikira. Anzake ambiri anamutsutsa, koma mu 1978 analandira mphoto ya Nobel.

Tiyerekeze ndi mbaula imene ikuyaka m'khitchini yofolera ndi udzu. Popanda moto palibe nsima, koma moto uliwonse umathetheka, mbaliwali n'kumaulukira kudenga. M'maitokondiriya maelekitironi ena amagwa panjira, n'kukakamira pa okosijeni nthawi yake isanakwane. Okosijeni wotere amatchedwa superoxide, ndipo ndi waukali, amawononga mapuloteni makamaka amene ali ndi ayironi. Zikuchitika m'mutu mwanu panopa pamene mukundimvera. Denga silipsa chifukwa m'khitchinimo muli ozimitsa mbaliwali amene sagona.

Woyamba mwa ozimitsawa anadziwika mu 1969. Joe McCord ndi Irwin Fridovich, pa yunivesite ya Duke ku America, anapeza kuti puloteni ina ya m'magazi a ng'ombe, imene inkadziwika kale koma ntchito yake osaidziwa, imagwira superoxide n'kumusandutsa chinthu china. Anaitcha superoxide dismutase, mwachidule SOD. Patapita zaka zochepa kunapezeka kuti maitokondiriya ali ndi SOD yawoyawo, yogwira ntchito ndi manganese, ndipo imeneyi imatchedwa SOD2. Kufunika kwake kunaonekera poyera mu 1995, asayansi atabereketsa mbewa zopanda SOD2. Zinabadwa ndithu, koma zinafa patangopita masiku ochepa, mitima itatupa. Okosijeni yemweyu amene timapuma ndiye anazipha.

SOD ikagwira superoxide imatulutsa hydrogen peroxide, mankhwala amadzimadzi aja amene amachita thovu akathiridwa pachilonda. Payekha ameneyu si woopsa kwenikweni. Ngozi imabwera akakumana ndi ayironi womasuka, chifukwa pamenepo pamabadwa hydroxyl radical, ndipo palibe enzaimu m'thupi imene imamugwira. Amaluma chilichonse chimene wayandikana nacho, ndipo mu ubongo chimene chili paliponse ndi mafuta. Khungu la maselo a ubongo ndi lodzaza ndi mafuta osachedwa kuwonongeka, moti kachigawo kamodzi kakalumidwa kamawononga kanzake, kanzakeko n'kuwononganso kena. Choncho hydrogen peroxide ayenera kuchotsedwa asanakumane ndi ayironi. M'maitokondiriya ntchito imeneyi amaigwira maenzaimu awiri, peroxiredoxin ndi glutathione peroxidase. Yachiwiriyi singagwire ntchito popanda seleniyamu, ndipo dzina limeneli mulisunge, tibwererako chifukwa likukhudza chimanga cha m'munda mwanu. Imafunanso glutathione, kanthu kamene maitokondiriya sapanga okha, amachita kuitanitsa kuchokera kunja kwa kathumbako. Maselo a mitsempha ya ubongo ali ndi glutathione wochepa, ndipo zipangizo zomupangira amalandira kwa maselo ena owazungulira otchedwa astrocyte.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire. Glutathione akazimitsa mbaliwali imodzi amafooka, ndipo kuti agwirenso ntchito amayenera kupatsidwanso mphamvu. Mphamvuyo imachokera ku chakudya chomwe chija chimene magazi amabweretsa. Ndiye kuti ozimitsa moto amadya pa mbaula yomweyo, ndipo magazi akaima nawonso amagona ndi njala.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tsopano titseke mtsempha, tione. Okosijeni watha. Maelekitironi alibe wowalandira, angoima pa masiteshoni onse. ATP ikatha, timapampu ta pa khungu la selo timasiya kupopa. Maselo amakhuthula glutamate, mankhwala amene amatumizirana nawo uthenga, ndipo akachuluka chonchi amatsegula makomo a maselo oyandikana, kashiamu n'kulowa mopanda malire. Maitokondiriya amayesetsa kumeza kashiamuyo mpaka kulemedwa. Izi zinadziwika kalekale. Chimene chinasowetsa mtendere asayansi kwa zaka zambiri n'chakuti, kodi mbaliwali zochuluka zimene zimaoneka magazi akangobwerera zimachokera kuti?

Yankho lomveka linabwera mu 2014 kuchokera ku Cambridge, ku England, kwa gulu la Michael Murphy ndi Thomas Krieg, pamodzi ndi wofufuza wachinyamata Edward Chouchani. Anatseka magazi opita ku mtima, ubongo, impso ndi chiwindi cha tinyama ta m'labotale, n'kuyeza tinthu tambirimbiri ta m'maselo kuti aone kamene kakuunjikana. M'ziwalo zonse munaunjikana succinate. Succinate ndi chakudya cha maitokondiriya cha masiku onse, chimene chimalowera pa siteshoni yachiwiri. Okosijeni akasowa, siteshoniyo imayamba kugwira ntchito chobwerera, m'malo modya succinate imamupanga, mulu n'kumakula. Ndi makala amene akungothiridwa pa mbaula yopanda mphepo. Ndiye magazi aja abwerera, okosijeni walowa nthawi imodzi. Mulu wonse wa succinate umapsa pa mphindi zochepa chabe. Maelekitironi amachuluka kuposa mmene njira ingawalandirire, ena amakankhidwira m'mbuyo kukafika pa siteshoni yoyamba, ndipo pamenepo amakhuthukira pa okosijeni, superoxide n'kuphulika. SOD2 ndi glutathione, amene anapangidwira kuzimitsa mbaliwali za apo ndi apo, akumana ndi chimoto ali ndi njala kale.

Chotsatira chake ndi chomvetsa chisoni. Superoxide ndi kashiamu zikachulukana, pa khungu lamkati la kathumba kaja pamatseguka bowo lalikulu. Madzi amalowa, kathumbako kamatupa, khungu lakunja limang'ambika, ndipo puloteni yotchedwa cytochrome c imatulukira m'selo. Mkati mwa maitokondiriya puloteniyi imangonyamula maelekitironi, koma ikatuluka imakhala chizindikiro chouza selo kuti lidziphe.

Imfa imeneyi sibwera tsiku lomwelo nthawi zonse. Mu 1982 dokotala wa ku Japan, Takaaki Kirino, anatenga tinyama tofanana ndi mbewa totchedwa gerbil, n'kutsina mitsempha iwiri ya m'khosi kwa mphindi 5 zokha, kenako n'kumasula. Tinyamato tinatsitsimuka. Atayang'ana ubongo pa makina oonera zinthu zazing'ono tsiku lotsatira, maselo ankaoneka amoyo. Pofika tsiku lachinayi, maselo a chigawo china cha hippocampus, mbali ya ubongo yosunga zokumbukira zatsopano, anali atafa mzere wonse, oyandikana nawo ali bwinobwino. N'chifukwa chake munthu amene mtima unaima n'kutsitsimutsidwa akhoza kudzuka, kuzindikira abale ake, kukumbukira za ubwana wake, koma osagwira zimene mwamuuza m'mawa womwewo. Si mwano, amayi ndi abambo, ndipo si kuti akuchitira dala.

Zimene Kirino anaona zinapatsa madokotala chiyembekezo chachikulu. Ngati maselo akufa mochedwa chonchi, ndiye kuti pali mpata wowapulumutsa. Chiyembekezocho chinakula mu 1991, gulu la Pak Chan ku California litasonyeza kuti mbewa zobadwa ndi SOD yochuluka zinkawonongeka ubongo pang'ono zikachititsidwa sitiroko. Makampani anathamangira kupanga mankhwala ozimitsa mbaliwali, aja mumamva akuti ma antioxidant. Pa mbewa ndi makoswe ankagwira ntchito bwino kwambiri. Pa anthu, ayi. Mu 2006 ofufuza ena anawerenga njira zonse zimene zinayesedwapo poteteza ubongo ku sitiroko, napeza 1,026, koma pa mulu wonsewo chimene chinkathandiza odwala mosakayikitsa chinali kutsegula mtsempha wotsekekawo ndi kuletsa magazi kuundananso. Mankhwala otchedwa NXY-059 anaoneka ngati apambana pa kuyesa koyamba, koma atayesedwanso pa odwala oposa 3,000, zotsatira za mu 2007 zinasonyeza kuti sankathandiza konse. Ku Japan anavomereza edaravone mu 2001 ndipo amamugwiritsabe ntchito, koma ku America ndi ku Ulaya sanamuvomereze pa sitiroko.

Analephera bwanji? Ganizirani zimene tamva kale. Kuphulika kwa superoxide kumachitika pa mphindi zoyambirira, pamene wodwala amalandira jekeseni patapita maola. Kumachitikira mkati mwenimweni mwa maitokondiriya, pamene mankhwala ambiri amangozungulira m'magazi, osadutsa n'komwe mpanda umene umalekanitsa magazi ndi ubongo. Komanso mbewa za m'labotale zimakhala zazing'ono ndi zathanzi, pamene wodwala weniweni ndi agogo a zaka 65 amene ali ndi BP ndi shuga. Ofufuza a ku Cambridge aja anasintha nzeru. M'malo mothamangitsa mbaliwali zitauluka kale, anayesa kuchepetsa mulu wa succinate ndi kuchedwetsa kupsa kwake pogwiritsa ntchito malonate, amene amatsekereza siteshoni yachiwiri kwa kanthawi. Pa tinyama ta m'labotale ubongo ndi mtima zinawonongeka pang'ono. Ndi njira yopatsa chidwi, koma sinafike pokhala mankhwala a m'chipatala.

Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa nkhaniyi imandipweteka. M'misika ndi pa WhatsApp mwadzaza ogulitsa mabotolo olembedwa kuti antioxidant, ati amachiza sitiroko, ati amadzutsa ziwalo zakufa. Mabanja akugulitsa mbuzi ndi njinga kuti agule. Ngati mankhwala amene anapangidwa ndi akatswiri, n'kubayidwa m'mitsempha m'chipatala, analephera kufika pamalopo pa nthawi yake, botolo la pamsika lingafike bwanji patapita miyezi? Ndipo si kuti mapiritsiwo alibe vuto. Mu 2010 ofufuza anaphatikiza zotsatira za anthu oposa 100,000 amene anayesedwa ndi mapiritsi a vitamini E. Sitiroko yotseka mtsempha inachepa ndi magawo 10 pa 100, koma sitiroko yophulika mtsempha, imene imapha kwambiri, inakwera ndi magawo 22 pa 100.

(NYIMBO YAIFUPI)

Chitetezo cha m'maselo chimakula chikamagwiritsidwa ntchito. Mu 1986 Charles Murry, Robert Jennings ndi Keith Reimer anapeza kuti mtima wa galu ukatsekeredwa magazi kwa mphindi zochepa kangapo, umapirira bwino ukadzatsekeredwa nthawi yaitali. Mu 1990 ofufuza a ku Japan anaona zofananazo mu ubongo wa gerbil: kutsina mitsempha kwa mphindi 2 kunkateteza maselo a hippocampus pa kutsina kwa mphindi 5 kwa masiku otsatira. Mbaliwali zochepa zimadzutsa puloteni yotchedwa Nrf2 ndi zinzake, zimene zimalamula selo kupanga ozimitsa ambiri. Musandimve molakwa, palibe amene akuti muzifinya khosi, ndipo kufa ziwalo kwa kanthawi kochepa n'kuchira ndi chenjezo loti muthamangire kuchipatala. Njira yabwino yodzutsira chitetezochi ndi kugwiritsa ntchito thupi: kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kulima. Michael Ristow wa ku Germany anasonyeza mu 2009 kuti anyamata ochita masewera olimbitsa thupi kwa masabata 4 ankachulukitsa SOD ndi glutathione peroxidase m'minofu mwawo, koma mwa amene ankamwa mapiritsi ambiri a vitamini C ndi E kuchulukako sikunachitike. Mapiritsi anazimitsa uthenga umene thupi limadzukira.

Pali malo amodzi amene sayansi imeneyi inasinthiratu ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndiwo chipinda chochiriramo amayi. Mwana wabadwa, salira, thupi lili lefu. Mzamba amupukuta mwamphamvu ndi nsalu youma, amusisita kumsana. Sakupumabe. Amugoneka chagada, awongola kamutu, avundikira pakamwa ndi pamphuno ndi kachipangizo kokhala ndi thumba lofinya, nayamba kupopa, maso ali pa chifuwa kuona ngati chikukwera. Zonsezi mphindi yoyamba isanathe. Kale ankati mwana wotere apatsidwe okosijeni yekhayekha wa m'silinda. Dokotala wa ana wa ku Norway, Ola Didrik Saugstad, ndi anzake anakayikira zimenezi pa chifukwa chomwe takambachi, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti ana opatsidwa mpweya wamba, umene uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100, ankayamba kupuma msanga ndipo omwalira ankachepa. Kuyambira mu 2010 malangizo a padziko lonse amati mwana wobadwa masiku atakwana ayambe ndi mpweya wamba, okosijeni awonjezedwe pokhapokha pakafunika. Maphunziro a Helping Babies Breathe, amene azamba ndi anamwino ambiri kuno ku Malawi anachita, amaphunzitsa zomwezo. Ndiye mukaona mzamba wa kuchipatala chaching'ono akupopa popanda silinda, musaganize kuti mwana wamanidwa chithandizo.

Tibwerere ku seleniyamu uja. Mbewu zimamutenga m'nthaka, ndipo nthaka yambiri ya m'Malawi simupereka mokwanira. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Allan Chilimba, wofalitsidwa mu 2011, anayeza chimanga cha m'madera osiyanasiyana a dziko lino napeza kuti chambiri chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, kupatula cha pa dothi lina lakuda ngati la m'chigwa cha Shire, chimene chinkaposa chinzake mpaka ka 10. Kuyeza magazi kumene kunachitika m'dziko lonse mu 2015 ndi 2016 kunasonyeza kuti amayi oposa theka analibe seleniyamu wokwanira kuti glutathione peroxidase ya m'magazi igwire ntchito mokwana. Dziko la Finland linali ndi vuto lomweli, ndipo kuyambira mu 1984 limathira seleniyamu mu feteleza. Kwa ife panopa, usipa, matemba, mazira ndi nyama zimathandiza kukwaniritsa chimene nsima yokha singapereke. Seleniyamu si mankhwala a sitiroko, ndipo akachuluka amathothola tsitsi ndi zikhadabo, choncho musathamangire mapiritsi. Nkhani ndi ya ndiwo.

Nanga sitiroko ikagwa pakhomo? Dokotala wa ku America, Jeffrey Saver, anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a mitsempha pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse. Magazi akachedwa kubwerera, chitetezo chija chimakhala chatheratu ndipo amakapeza zochepa zoti apulumutse. Mankhwala osungunula magazi oundana, alteplase, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, ndipo pokhapokha mutu utajambulidwa kuti atsimikize kuti mtsempha sunaphulike. Ambirife tili kutali ndi chithandizo chotere, komabe chipatala chili ndi zambiri zoti chichite. Kutentha thupi ndi shuga wokwera zimakolezera kuwonongeka kwa maselo amene akadali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo zonse ziwiri anamwino angathe kuziyeza ndi kuzitsitsa. Kafukufuku wa m'dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi pa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Wina wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anasonyeza kuti BP ndiyo ili patsogolo pobweretsa sitiroko kwa akuluakulu, pamene kwa achinyamata ndi HIV, makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri. Kuyezetsa zonse ziwiri ndi kwaulere m'zipatala za boma.

Mukaona pakamwa pa munthu papotoka mwadzidzidzi, dzanja limodzi likugwa lokha akalikweza, kapena mawu akutuluka ngati lilime lalemera, musadikire kuti kuche, musayambe ndi kumusisita kapena kumutema mphini. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, ngakhale asipirini, chifukwa akhoza kutsamwa zakudyazo n'kulowa m'mapapo, ndiponso ngati mtsempha waphulika asipirini amawonjezera kukha magazi. Ngati wakomoka mugonekeni cham'mbali. Pezani galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, ndipo wina ayang'ane nthawi pa foni. Mukafika, chinthu choyamba kuwauza adokotala ndi ola limene wodwalayo anaoneka komaliza ali bwinobwino.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za mmene ubongo umaphunziriranso kuyendetsa mwendo ndi dzanja pambuyo pa sitiroko, ndi zimene osamalira wodwala angachite kunyumba.

(NYIMBO YOTSEKERA)